Kukonza ndandanda ya ntchito pa makina a CNC odziyendetsa okha

M'fakitale imene makina a CNC (makina odula zitsulo oyendetsedwa ndi kompyuta) alumikizidwa ndi maloboti, mapaleti (matebulo onyamulika omangirapo zidutswa zoti zidulidwe) ndi ngolo zoyenda zokha, ndandanda ya ntchito imakanika kawirikawiri pa zifukwa ziwiri. China n'chakuti nthawi zimene zinalembedwa m'kompyuta si zimene makina amatengadi. China n'chakuti wokonza ndandanda amawerenga makina okha, n'kuiwala kuti chidutswa chachitsulo sichingadulidwe popanda paleti, chogwirira, zida zodulira, pulogalamu yoyesedwa kale ndi munthu woti achimange. Cholinga si chakuti makina onse azingolira tsiku lonse ayi. Chofunika n'chakuti makina amene amachedwetsa fakitale yonse asasowe ntchito, ndipo ena onse azivina ng'oma ya makina amenewo.

Yambani ndi nthawi zenizeni

Musanasanje chilichonse, lembani njira ya chidutswa chilichonse: gawo loyamba pa lathe (makina ozunguza chidutswa pochidula), lachiwiri pa makina a milling (amene amazunguza chida chodulira), kenako kutsuka, kuchotsa zakuthwa m'mphepete, kuyeza. Gawo lililonse likhale ndi nambala zinayi zosiyana: nthawi yotchera makina, nthawi yodula chidutswa chimodzi, nthawi yomanga ndi kumasula pa paleti, ndi nthawi yoyenda kupita pa gawo lotsatira. Mukazisonkhanitsa m'nambala imodzi simudzadziwa kuti ndi iti imene ikunama.

Nthawi imene pulogalamu ya CAM, yolembera malangizo odulira, imaonetsa musaitenge ngati yomaliza. Kawirikawiri imachepa, chifukwa siwerenga bwino kusintha kwa zida, kutembenuka kwa paleti, kuyeza kwa probe (kachida koyezera chidutswa chikadali m'makina), ndiponso kuti makina amachepetsa liwiro pokhota. Pa chidutswa chokhala ndi zida 20, ngati kusintha chida chilichonse kumadya masekondi 8, mwataya kale masekondi 160 osadula kanthu. Tengani nthawi kuchokera ku makina enieniwo. Makina ambiri amakono amatha kutumiza okha nthawi yoyamba ndi yomaliza ya pulogalamu kudzera m'njira zolumikizira makina ndi kompyuta, monga MTConnect kapena OPC UA. Sonkhanitsani maulendo osachepera 10 pa chidutswa chilichonse, ndipo musangoona pakati pake, onaninso kusiyana kwake. Ntchito imene nthawi zonse imatenga mphindi 40 si yofanana ndi imene imatenga 30 lero, 55 mawa, ngakhale avereji yake itakhala yomweyo. Yachiwiriyi ndi imene imautsa mizere.

Maola a makina nawonso muwawerenge moona mtima. Mashifiti awiri a maola 8 kwa masiku 5 ndi maola 80 pa pepala. Chotsanipo kukonza makina, kutenthetsa spindle (mbali imene imazunguza chida kapena chidutswa) m'mawa, kuchotsa zinyenyeswa, ma alarm ndi nthawi yosinthana shifiti. Ngati zolemba zanu zikuonetsa kuti makinawo amapezeka 85 peresenti ya nthawi, maola amene muli nawo ndi 68. Ndandanda yomangidwa pa 80 yafa isanabadwe.

Pezani pothina

Tsopano phatikizani ntchito yonse ya mlungu pa gulu lililonse la makina, n'kuigawa ndi maola enieni aja. Tiyerekeze kuti ma lathe ali ndi ntchito ya maola 45 pa 68, makina a milling wamba maola 52 pa 68, ndipo makina a 5-axis (odula chidutswa kuchokera mbali zambiri) maola 64 pa 68. Omalizawa adzaza 94 peresenti. Pamenepo ndi pothina, chimene amisiri amachitcha bottleneck. Mukayenda m'fakitale mudzapaona ndi maso: ndi pamene zidutswa zaunjikana kudikira.

Samalani, pothina si nthawi zonse pamakhala pa makina odula. Nthawi zina ndi makina oyezera a CMM, nthawi zina ndi malo omangira zidutswa pa paleti amene ali ndi munthu mmodzi, nthawi zina ndi chogwirira chimene chilipo chimodzi chokha. Komanso pothina pamasuntha ma oda akasintha mtundu, choncho masamu amenewa muziwabwereza mlungu uliwonse.

N'chifukwa chiyani 94 peresenti ili yoopsa? Masamu a mizere, makamaka amene John Kingman anafalitsa mu 1961, amaonetsa kuti nthawi yodikira sikwera mofanana ndi kudzaza kwa makina. Ntchito zikamabwera mosadalirika, makina odzaza 80 peresenti amadikiritsa ntchito pafupifupi kanayi kuyerekeza ndi nthawi yoidula. Pa 90 peresenti n'kasanu ndi kanayi. Pa 95 peresenti kumafika 19. Ndiye bwana akamafuna kuti makina onse afike pafupi ndi 100, akupempha mizere yosatha, kaya akudziwa kapena ayi. Makina amene si a pothina aziloledwa kukhala chete nthawi zina. Kukhala chete kumeneko ndi kumene kumawapatsa mpata wothamangira pamene zinthu zasokonekera.

Njira imene Eliyahu Goldratt anatchukitsa m'zaka za m'ma 1980 ikadali yothandiza. Sanjani ndandanda ya pothina poyamba, ola ndi ola. Patsogolo pake ikani nkhokwe ya ntchito zokonzeka, yokwanira kuphimba vuto lalitali limene limachitika kawirikawiri m'magawo a m'mbuyo. Ngati lathe ikawonongeka imatenga maola 4 kukonzedwa, nkhokwe ya maola 6 mpaka 8 ndi yabwino. Kenako bwererani m'mbuyo kuchokera pa nthawi imene ntchito ikufunika pothina, kuti mudziwe ola loilowetsera m'fakitale. Ndipo yezani zidutswa zisanafike pothina. Kudula chidutswa chimene chinawonongeka kale pa lathe n'kutaya ola limene simudzalipezanso.

Musalowetse ntchito yonse nthawi imodzi

Apa ndi pamene ambiri amalakwa ndi mtima wabwino. Oda ikangofika amailowetsa, ati iyambe msanga kuti ithe msanga. Lamulo la John Little, la mu 1961, likunena zina: nthawi imene ntchito imakhala m'fakitale ndi kuchuluka kwa ntchito zimene zili mkati kugawa ndi zimene zimatuluka pa tsiku. Ngati mkati muli ntchito 120 ndipo mumatulutsa 20 pa tsiku, iliyonse imakhala masiku 6. Onjezerani 60 zina: pothina sipanakule, choncho mukutulutsabe 20, koma tsopano iliyonse ikukhala masiku 9. Palibe chathamanga.

Ikani malire a ntchito zimene zingakhale mkati, ndipo yatsopano izilowa pokhapokha ina yatuluka. Ndiponso isalowe isanakwane zonse: chitsulo chafika ndipo chadulidwa pa msinkhu wake, pulogalamu ilipo, zida zayezedwa, chogwirira chilipo ndipo sichinagwidwe ndi ntchito ina. Ntchito yolowa yosakwanira imakhala pa paleti masiku, kutsekereza inzake.

Mapaleti, zogwirira ndi zida

Gawo ili ndi limene limasiyanitsa fakitale yodziyendetsa yokha ndi yakale, ndipo n'loyenera kulitenga modekha.

Paleti imazungulira: kumangidwa, kudikira m'shelefu, kunyamulidwa, kudulidwa, kutsukidwa, kumasulidwa. Tiyerekeze kuti kudula kumatenga mphindi 40, kumanga ndi kumasula 12, kutsuka 8, kuyenda konse 6. Ulendo wonse ndi mphindi 66. Kuti makina amodzi asaime, pamafunika 66 kugawa ndi 40, kutanthauza mapaleti awiri osachepera, ndipo lachitatu ndi lotetezera pamene opareta wachedwa. Ngati mtundu wa chidutswacho uli ndi chogwirira chimodzi chokha, makina adzadula mphindi 40 n'kudikira 26 ulendo uliwonse. Mankhwala ake ndi kusakaniza: pamene chogwirira cha chidutswa A chili kunja, makina adule chidutswa B. Choncho m'makina olumikizidwa, kusakaniza mitundu iwiri kapena itatu nthawi imodzi kumayenda bwino kuposa kumaliza mtundu umodzi kenako wina.

Kusakanizako kuli ndi malire ake, ndipo malirewo ndi magazini ya zida, malo osungiramo zida zodulira pa makinawo. Tengani magazini ya malo 60. Ntchito X ikufuna zida 24, Y ikufuna 22, Z ikufuna 20. Zonse pamodzi ndi 66, koma poti zina n'zofanana pakati pa ntchitozi, mukachotsa 12 zobwereza mwatsala ndi 54. Zikuoneka ngati zakwana. Onjezani zida 5 zolowa m'malo mwa zimene zimatha msanga: 59. Ndiye pali face mill yaikulu (chida chosalazira pamwamba pa chidutswa) imene, m'magazini zambiri, imafuna kuti malo a mbali zake ziwiri akhale opanda kanthu: 61. Sizikwana. Cholakwa ngati chimenechi chimadziwika pakati pa usiku, makina ataima kudikira chida chimene kulibe.

Pali zinthu zitatu zochita. Gwirizanani ndi olemba mapulogalamu kuti azisankha zida pa mndandanda umodzi wa fakitale; palibe chifukwa chokhala ndi end mill ya mamilimita 10 ya mitundu inayi chifukwa aliyense ali ndi yake yokonda. Ikani pamodzi, pa makina amodzi, ntchito zimene zimagawana zida zambiri. Ndipo pamene mukuyenera kuchotsa chida kuti china chilowe, chotsani chimene chidzafunike mochedwa kwambiri malinga ndi ndandanda, osati chimene chili pafupi ndi dzanja. Lamulo limeneli, limene Tang ndi Denardo anasonyeza mu 1988, limachepetsa kusintha kwa zida pamene mzere wa ntchito wadziwika kale.

Kenako moyo wa chida. Choboolera chimene chimakhala mphindi 45 chikudula, pa chidutswa chimene chimachigwiritsa ntchito mphindi 3, chimatha pa zidutswa 15. Ngati usiku mukufuna zidutswa 48, ndi mphindi 144, ndiye pafunika zoboolera 4, zonse zoyezedwa ndi kulembedwa m'makina monga gulu limodzi kuti chikatha china chilowe chokha. Wina angaganize zokweza liwiro kuti apeze nthawi. Walira mvula walira matope. Malinga ndi masamu a Frederick Taylor a mu 1907, pa zida za carbide kukweza liwiro lodulira ndi 20 peresenti kumadula moyo wa chida pafupifupi ndi theka. Masana, pa makina a pothina, munthu ali pafupi, nthawi zina kutero n'kopindula. Usiku ayi.

Pomaliza pa gawo ili pali kutsekerezana. Makina A amaliza chidutswa chopita ku B. Makina B amaliza chopita ku A. Ngolo yanyamula chachitatu ndipo ilibe pochitula. Onse akudikirana, palibe chawonongeka, palibe alarm yomveka, koma zonse zaima. Zimachitika mukalowetsa mapaleti ambiri kuposa malo oimikapo. Lamulo lake n'lakuti paleti isanyamulidwe malo okaitula asanasungidwe, ndipo m'shelefu muzitsala malo amodzi kapena awiri opanda kanthu nthawi zonse.

Ndi iti iyambe?

Ntchito 10 zodikira pa makina amodzi mungazisanje m'njira 3,628,800. Zikamadutsa pa makina angapo, nambalayo imakula mosaneneka. Chitsanzo cha ntchito 10 pa makina 10 chimene Fisher ndi Thompson anapereka mu 1963 chinakhala zaka zoposa 20 akatswiri asanatsimikize yankho lake labwino koposa. Carlier ndi Pinson anafalitsa umboni wake mu 1989. Choncho musataye tulo kufunafuna ndandanda yangwiro. Malamulo osavuta amakufikitsani patali, bola mudziwe chimene lililonse limakupatsani ndi chimene limakulandani.

Tengani ntchito zisanu pa makina amodzi. A imatenga maola 6 ndipo ikufunika pofika ola la 8. B maola 2, ola la 12. C maola 8, ola la 20. D maola 3, ola la 6. E ola limodzi, ola la 15.

Mukatsata mmene zinafikira, A, B, C, D, E, zimatha pa 6, 8, 16, 19 ndi 20. Avereji ya nthawi yothera ndi maola 13.8, D yachedwa ndi maola 13, E ndi maola 5.

Mukayamba ndi yaifupi, E, B, D, A, C, zimatha pa 1, 3, 6, 12 ndi 20. Avereji yatsika kufika 8.4, ndipo yachedwa ndi A yokha, maola 4. Pa makina amodzi palibe dongosolo lina limene lingatsitse avereji kuposa limeneli. Vuto lake n'lakuti ntchito yaitali ingakhale kumbuyo mpaka kalekale ngati zazifupi zikubwerabe. Ikani malire: ntchito ikadikira kupitirira nthawi imene mwagwirizana, idumphe mzere.

Mukayamba ndi imene tsiku lake lili pafupi, D, A, B, E, C, zimatha pa 3, 9, 11, 12 ndi 20. Avereji ndi 11, koma kuchedwa kwakukulu ndi ola limodzi lokha. Lamuloli ndi limene limachepetsa kuchedwa koipitsitsa. Koma fakitale ikadzaza mopyola, limagawira kuchedwa kwa aliyense: m'malo mokhumudwitsa kasitomala mmodzi kwambiri, mumakhumudwitsa onse pang'onopang'ono.

Onani kuti m'njira zonse zitatu ntchito yomaliza yatha pa ola la 20. Kusanja sikuwonjezera maola a makina. Kumangosankha amene adikire.

Pa ntchito za magawo ambiri, gawani nthawi yotsala kufika tsiku lopereka ndi nthawi ya ntchito yotsala. Ntchito yotsala ndi maola 30 kuti iperekedwe, koma ikufunika maola 40 a magawo, ili pa 0.75: yachedwa kale ngakhale tsiku lake lisanafike. Ya nambala yochepa ndiyo iyambe. Ife tingalangize kuti pothina muzigwiritsa ntchito masamu amenewa kapena tsiku lapafupi, ndipo makina enawo azingotsata zimene pothina pakufuna.

Pamene ntchito zonse zimadutsa pa makina awiri m'dongosolo lofanana, pali njira yopereka yankho labwino koposa, imene S. M. Johnson anafalitsa mu 1954. Tiyerekeze ntchito zisanu, nambala yoyamba ndi mphindi za pa lathe, yachiwiri za pa milling: J1 40 ndi 20, J2 15 ndi 50, J3 60 ndi 45, J4 25 ndi 35, J5 30 ndi 10. Funani nambala yochepa koposa pa zonse. Ngati ili pa makina oyamba, ntchitoyo ipite kutsogolo. Ngati ili pa achiwiri, ipite kumapeto. Ichotseni, bwerezani. Yochepa ndi 10 ya J5, pa milling: kumapeto. Kenako 15 ya J2, pa lathe: kutsogolo. Kenako 20 ya J1, pa milling: kumapeto, J5 isanafike. Kenako 25 ya J4: pambuyo pa J2. J3 yatsala pakati. Dongosolo ndi J2, J4, J3, J1, J5, ndipo zonse zimatha pa mphindi 180. Mukanazitsata J1 mpaka J5, zikanatha pa 205. Nzeru yake n'njoonekeratu: patsani msanga makina achiwiri chochita, ndipo kumapeto asatsale ndi ntchito yaitali pamene oyamba angokhala.

Kutchera ndi kukula kwa mulu

Ngati kutchera kumatenga mphindi 90 ndipo chidutswa chimodzi mphindi 6, mulu wa 10 umadya mphindi 15 pa chidutswa, wa 50 umadya 7.8, wa 200 umadya 6.45. Kuchokera pa 10 kufika pa 50 phindu ndi lalikulu. Kuchokera pa 50 kufika pa 200 mwapindula mphindi imodzi ndi pang'ono, koma mwagwira makina maola 21 ndi theka pamene ena onse akudikira. Pa makina a pothina milu ikhale yokulirapo, chifukwa mphindi iliyonse yotchera yatayika ku fakitale yonse. Pa makina ena ikhale yaing'ono, popeza nthawi yotchera ilipo yotsala.

Mulu wodula suyenera kufanana ndi mulu wonyamula. Ngati mukudula 50, musadikire kuti zonse zithe. Zoyamba 10 zipite kale ku gawo lotsatira.

Nthawi yotchera imadaliranso chimene chinalipo kale. Kuchoka pa aluminiyamu kupita pa chitsulo cha cast iron kumafuna kutsuka makina ndi kusiyanitsa zinyenyeswa. Kuchoka pa ndodo ya mamilimita 40 kupita pa ya 42 mwina n'kusintha collet (chopanira ndodoyo) basi. Lembani tebulo la nthawi yochoka pa banja lina la zidutswa kupita pa lina, ndipo sanjani za banja limodzi motsatizana, koma mkati mwa masiku awiri kapena atatu okha. Mukakoka ntchito ya mwezi wamawa chifukwa choti ikufanana ndi ya lero, mwaba nthawi ya oda ya mawa.

Ndipo funsani funso limene Shigeo Shingo ankaphunzitsa m'mafakitale a ku Japan: pa mphindi 90 zimenezi, ndi zingati zimene zimafunadi kuti makina aime? Kuyeza zida pa presetter (choyezera zida kunja kwa makina), kumanga chogwirira pa paleti ina, kutumiza pulogalamu, kubweretsa chitsulo, zonsezi zingachitike makina akudula ntchito yam'mbuyo. Pa ndandanda zizioneka ngati ntchito zapadera, zokhala ndi munthu wake ndi ola lake.

Masana ndi usiku

Ngati makina amagwira usiku popanda munthu, ndandanda ya masana imakonzedwa kuchokera ku usikuwo. Maola 8 ndi mphindi 480. Pa mphindi 40 paleti iliyonse, makina amodzi amafuna mapaleti 12 omangidwa kale. Mukakhala ndi 6, adzaima pakati pa usiku, patatha maola 4. Choncho ntchito zazitali, ndi zogwirira za mbali zinayi zonyamula zidutswa zambiri pa paleti imodzi, sungirani usiku. Zazifupi, zofuna kumanga pafupipafupi, zichitike masana. Maola awiri omaliza a shifiti yamadzulo aperekedwe kwa maopareta kuti amange mapaleti, ayang'ane zida, achotse zinyenyeswa ndi kudzaza madzi oziziritsa.

Pulogalamu yatsopano, imene sinaduleko chidutswa pamaso pa munthu, isalowe usiku ngakhale oda ithine bwanji. Chimodzimodzinso zitsulo zotulutsa zinyenyeswa zazitali zokulungana pa chida. Mwa ntchito za usikuwo, yambani ndi yodalirika kwambiri, yokayikitsa ikhale yomaliza. Ikaimitsa makina pa 4 koloko m'mawa mwataya pang'ono, ikaimitsa pa 11 koloko usiku mwataya usiku wonse. Ngati kompyuta yoyendetsa makinawo imatha kudumpha paleti imene chida chake chathyoka n'kupita pa ina, yatsani mbali imeneyo, ndipo onetsetsani kuti ntchito zotsatirazo sizidalira chida chomwecho.

Kutentha nakonso kumalowa m'ndandanda. Chitsulo chimatalika pafupifupi ma micron 12 (mamilimita 0.012) pa mita iliyonse kutentha kukakwera digiri imodzi, aluminiyamu pafupifupi kawiri. Chidutswa chachitsulo cha mamilimita 500 chotentha ndi madigiri 5 chatalika ndi mamilimita 0.03. Ntchito ya miyezo yothina isakhale yoyamba pa makina ozizira Lolemba m'mawa, ndipo pakati pa kudula ndi kuyeza pa CMM muikepo nthawi yoti chidutswa chizizire kufika pa madigiri 20, kutentha kumene miyezo imawerengedwera.

Zikasokonekera

Zidzasokonekera ndithu. Chofunika ndi kugwirizana zinthu zisanachitike kuti ndani angasinthe chiyani. Gawani nthawi patatu. Maola 8 mpaka 24 akubwerawa ndi otsekedwa: zida zayezedwa, mapaleti amangidwa, palibe wosintha kupatula makina atawonongeka. Masiku otsatira mpaka mlungu, wokonza ndandanda angasinthe dongosolo. Kupitirira pamenepo mumangoyang'ana ngati maola akukwana.

Makina akaima mphindi 20, musasanjenso fakitale yonse. Ingochedwetsani ntchito zake ndi mphindi zimenezo, nkhokwe ija imeze kuchedwako. Kusanjanso zonse kukhale kwa zazikulu: makina a pothina awonongeka kwa theka la shifiti, mulu wonse wakanidwa, chitsulo sichinafike. Pulogalamu imene imasintha ndandanda mphindi 10 zilizonse imachititsa kuti zida zokonzedwa zikhale za ntchito yolakwika, ndipo maopareta amasiya kuikhulupirira n'kuyamba kusankha okha.

Ma oda achangu alipo m'fakitale iliyonse. Ngati zolemba zikuonetsa kuti amadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a nthawi ya pothina, siyani malo amenewo opanda kanthu m'ndandanda. Ikani malire a oda imodzi kapena ziwiri zachangu nthawi imodzi, ndipo wofuna kulowetsa yachangu aziuzidwa pomwepo kuti ndi oda iti imene ichedwe, ndi maola angati. Popanda zimenezi ntchito iliyonse imasanduka yachangu. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Za mapulogalamu: ERP wamba, pulogalamu yoyendetsera ma oda ndi katundu wa kampani, nthawi zambiri imawerenga masiku ngati kuti makina alibe malire a maola. Pofuna ndandanda ya ola ndi ola pamafunika pulogalamu yowerenga malire, kaya APS yogula, kaya imene imabwera ndi makina olumikizidwa monga a Fastems, Mazak kapena Makino, kaya yomanga nokha ndi CP-SAT ya mu OR-Tools ya Google, imene ndi yaulere. Poyesa iliyonse, ipatseni mlungu umene unadutsa kale n'kuyerekeza ndi zimene zinachitikadi. Kenako ifunseni mafunso a m'fakitale: kodi ikudziwa kuti chogwirira chilipo chimodzi? Kodi ikuwerenga malo a m'magazini? Kodi ikudziwa kuti opareta mmodzi sangatchere makina awiri nthawi imodzi, ndi kuti Lamlungu kulibe woyeza? Ikalephera pamenepa, tchati chake cha Gantt, choonetsa ndandandayo, chidzakongola pa sikirini pokha.

Mlungu uliwonse yang'anani nambala zinayi: ma oda amene anaperekedwa pa tsiku lake, masiku amene ntchito ikukhala mkati, maola amene spindle ya pothina inaduladi, ndi ntchito zingati mwa zimene zinali pa ndandanda zinachitika mmene zinalembedwera. Ola lililonse limene pothina panaima lilembedwe ndi chifukwa chake m'mawu ochepa: kusowa chida, kusowa paleti, kudikira woyeza, alarm. Pakutha kwa mwezi phatikizani maolawo pa chifukwa chilichonse. Chimene chadya maola ambiri chikonzedwe choyamba, ndipo nthawi zimene zapezeka kuti zasiyana ndi zolembedwa ndi 10 peresenti kapena kuposa zisinthidwe m'kompyuta ndandanda ya mwezi wotsatira isanakonzedwe.